Marodi a m'Firiji ya Alamu

Ine ndi malemu alamu anga tinawotcherera limodzi mu shedi imodzi pa Nsaru zaka zisanu ndi zinayi, ndipo pa zaka zonsezo palibe tsiku limene tinagwirizanapo pa nkhani ya marodi. Iwo anali achimwene ake a mkazi wanga, aakulu kwa ine ndi zaka zambiri ndithu. Ine kwathu ndi ku Nambuma. Ku Nsaru ndinabwera chikamwini, ntchito nditaiphunzira kale m'tauni, ndipo ndinkangozungulira ndi kamakina kanga pa njinga, kupemphapempha soketi m'magolosale. Ndi alamuwo amene anandiitana tsiku lina n'kundiuza kuti, "Alamu, mukutichititsa manyazi. Lowani muno." Anandipatsa ngodya yanga ndi kiyi wanga, osandifunsa kanthu.

Kwa amene sanagwirepo ntchito yathuyi, rodi ndi kawaya kokutidwa ndi dothi louma kamene timasungunula ndi moto wa magetsi polumikiza zitsulo. Pa mawindo, mageti ndi mbaula timagwiritsa ntchito marodi wamba, a 6013, oti ngakhale munthu ataledzera amayatsa. Koma chitsulo cholimba, monga ekiselo ya ngolo, chitsulo chija chimanyamula matayala, chimafuna marodi a 7018, amene m'masitolo amati lo haidrojeni. Amenewo ndi onyada. Sayaka msanga, ndipo ndi chinyezi sapatsana moni. Dothi lawo likangomwa chinyezi, mzere umene wawotcherera umaoneka wokongola pamwamba, koma m'kati muli timabowo, ndipo pakapita masiku chitsulo chimayamba kung'aluka chokha pansipansi popanda wochigunda.

Marodi a 7018 amene ankafika kwathu anali a makampani awiri. Ena ankabwera m'chitini chomata, ena m'katoni yobiriwira. Alamu anali a chitini, ine wa katoni, ndipo mukanatimva mukanayesa tikukangana za mipingo. Ine ndinkakonda a katoni chifukwa ukangokhudza chitsulo ayaka, ukazimitsa n'kuyambanso sanyanyala, ndipo makoko akuda aja amene amatsala pamwamba pa mzere amachita kudzisenda okha. Alamu ankati zonsezo n'zodzikongoletsera. Ankati a chitini amaluma chitsulo mpaka m'kati, ndipo chimene alumikiza chimafa ndi ngolo yake.

"Marodi anuwo ndi a anthu othamangira ku bawo, alamu," ankatero.

"Nanga anuwo? Oti uyambe wawapempherera kaye kuti ayake!"

"Amadziwa mwini wake. Inu amakukanani chifukwa simuwalemekeza."

"Ha! Rodi kuilemekeza? Ndiziivulira chipewa, eti?"

Anthu obwera kudzakonzetsa makasu ndi mapedulo ankachita kukhala pa benchi kudikira kuti tiyambe. Kwa alamu zinali nthabwala. Kwa ine, ndisaname, ndinkapsadi mtima, chifukwa ndine munthu woti sindifuna kugonja ngakhale pa nkhani ya machesi. Chinkandinyansa kwambiri n'choti akabwera mwini ngolo kapena mwini thirakitala, ankandidutsa ine ngati mtengo n'kukafunsa kuti, "Kodi achikulire alipo?"

Alamu anali ndi firiji yakufa imene anaipempha pa golosale ina. M'kati mwake anaikamo babu limodzi, lakale lija lotentha, ndipo linkayaka usana ndi usiku. M'menemo ndi mmene ankasungira marodi awo kuti azikhala ofunda ndi ouma. Magetsi akazima sankalola kuti chitseko chitsegulidwe mpaka ayakenso. Ine ndinkawaseka kuti akulera anapiye. Anga ndinkagula pang'onopang'ono, n'kumawayanika pa mbaula ndikafuna kuwagwiritsa ntchito. Lamulo la pa shedi linali limodzi lokha, ndipo anandiuza tsiku limene anandipatsa kiyi: chilichonse ndikhoza kugwira, koma m'firiji simulowa kanthu kena kupatula marodi.

Chaka chimene ndikunenachi mvula inagwa ngati yachita kutumidwa. Mu Febuluwale dzuwa tinkangolimva mbiri. Lachisanu lina alamu anapita ku maliro ku Namitete, ati abwerako Lolemba. Tsiku lomwelo ine ndinapita cha ku Kabudula kukakonza chigayo, ndipo pobwerera mvula inandikumana ndili pa njinga yamoto, pamalo popanda pousa. Ndinafika ku shedi ndili chinyowere, ovololo itamatirira m'thupi, m'nsapato muli madzi okhaokha. Ovololo ndinali nayo imodzi yokha. Kuyanika panja kunali kungotaya nthawi, ndipo makala a pa shedi anali atanyowa ndi mvula yodontha padenga. Maso anga anagwera pa firiji ija.

Ndinatsegula. Chitini cha alamu chinali pa shelefu ya pamwamba, chotsegula kale, marodi atatsala theka. Ndinafinya ovololo pang'ono chabe, n'kuiyala pa shelefu ya pakati, nsapato ndi magolovesi pansi, n'kutseka. Ndinadziuza kuti mawa m'mamawa ndichotsa. Loweruka magetsi anazima tsiku lonse, ndiye ku shedi sindinapondeko. Lamulungu ndinali ku tchalitchi, kuchoka uko ku chinkhoswe. Ndinadzakumbukira Lolemba m'mawa ndikufuna chovala ku ntchito. Nditatsegula chitseko kunatuluka mpweya wofunda, wonunkha chuku. Makoma a firiji anali atachita thukuta, madontho akuyenderera pachitseko, ndipo ovololoyo inali isanaume n'komwe. Ndinachotsa zanga, ndinapukuta paliponse ndi sanza, ndinasiya chotsegula kanthawi, n'kutsekanso. Marodi ankaoneka monga mwa masiku onse.

Musandifunse ngati ndinkadziwa. Ndinkadziwa. Wowotcherera aliyense, ngakhale woyamba dzulo, amadziwa kuti marodi amenewo akagona masiku atatu m'nthunzi atha ntchito, ndipo babu silingawabweze. Chofunika chinali kungotsegula pakamwa n'kunena kuti alamu, ndalakwa, musawagwiritse ntchito awa. Koma ndinaganiza za mmene akanandiyang'anira, osakalipa n'komwe, kungondiyang'ana. Ndinaganizanso za anthu a pa benchi aja, mmene nkhani ya ovololo ikanafikira ku msika dzuwa lisanalowe. Ndinasankha kukhala chete, n'kumadzinamiza kuti nyengo ino ntchito ya chitsulo cholimba sibwera kawirikawiri.

Inabwera tsiku lomwelo masana. Bambo wina wa kaesiteti ka fodya cha kunjira ya ku Kabudula anafika ndi ekiselo ya ngolo itathyoka chakumapeto, pafupi ndi pamene pamalowa tayala. Inali nthawi yothyola fodya, ngolo ikufunika tsiku ndi tsiku kututa masamba kuchoka kumunda kupita ku zigafa. Anandidutsa monga mwa nthawi zonse.

"Achikulire, ndagwira mwendo wanu. Fodya akundiwolera kumunda."

"Khalani pansi, bambo. Muitenga lero lomwe," anatero alamu.

Anagwira ntchito ija mwa dongosolo lawo lonse. Anasema mbali zonse ziwiri ndi gilayinda, makina operera chitsulo aja, anakoleza makala amene anabwera nawo kuchokera kunyumba n'kutenthetsa chitsulo mpaka malovu akumauma pomwepo ukalavulira, kenako anatsegula firiji n'kutenga marodi. Ine ndinali kupenta geti chapafupi, msana nditawalozetsa, koma makutu onse ali kwa iwo. Rodi yoyamba inathetheka kuposa masiku onse. Ndinamva. Iwonso anamva, chifukwa anakweza helemeti n'kuyang'ana makina.

"Magetsi afooka lero, eti alamu?"

"Afookadi," ndinatero.

Mawu amenewo ndimawamvabe mpaka lero. Ndipo ndiulule chinanso chimene chimandichititsa manyazi koposa. Pansi pa mantha anga panali kamtima kena kamene kankati, asiyeni marodi a chitiniwo apunthwepo kamodzi, tione ngati angadzatinenenso. Sindinaganize za munthu aliyense wokwera ngolo. Ndinkangoganiza za mkangano wathu.

Mzere unatuluka wokongola ngati kale. Alamu anaukwirira mu phulusa kuti uzizire pang'onopang'ono, ndipo madzulo bambo uja anamangirira ekiselo yake pa njinga, akuthokoza.

Sabata yotsatira, Lachitatu, ndinamva phokoso kunja ndisanaone munthu. Anali bambo yemwe uja, thukuta lili kamukamu, anthu akumutsatira pambuyo. Anaponya chidutswa cha chitsulo pa mapazi a alamu.

"Ntchito yanu iyo! Mwandiphera munthu!"

Nkhani inatuluka moduladula. Ngolo inadzaza fodya wamuwisi, ikutsetsereka kulowera ku dambo, ndipo pamwamba pa katundu panakhala mayi wina, mmodzi wa matenanti ake, wochokera kumwera, amene anatopa ndi kuthyola kuyambira m'bandakucha. Tayala linangochoka. Ngolo inagubuduka, mayiyo anagwera pansi pake, ndipo mwendo unathyoka pawiri. Sanafe, Mulungu anachita chifundo, koma anali atamutengera ku chipatala cha mishoni ku Namitete. Ine ndinagwira geti lina limene ndinkapenta, ndipo penti inandimata m'manja osazindikira.

Alamu anawerama, anatola chidutswa chija n'kupita nacho pakhomo pamene panali kuwala. Pothyokapo panali penipeni pa mzere wawo, ndipo m'kati munali timabowo ngati ta buledi. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapita ku firiji n'kutsegula. Babu linali kuyaka, m'kati mouma gwa. Anagwira makoma ndi chikhatho, ananunkhiza, n'kutseka.

Apo ndi pamene ndinaona potulukira, ndipo ndinathamangira pomwepo.

"Ndi marodi anuwa, alamu! Ine ndakhala ndikunena. Makampani amasintha, masiku ano akupanga zachinyengo."

Ndinkaona ngati ndachenjera. Kampani ili kutali, kutsidya kwa nyanja, ilibe makutu, singamve kuwawa. Mlandu ukagwera chitini, alamu apulumuka, ine ndipulumuka, ndipo mkangano wa zaka zisanu ndi zinayi ndapambana. Anthu ena anayamba kuvomereza kuti eyadi, katundu wa masiku ano ndi wabodza. Alamu anangoti, "Mawa ndiwayesa otsalawa."

Ndinadziwa kuti akawayesa mofatsa, magetsi ali bwino, akutchera khutu, adzazindikira kuti si kampani koma chinyezi. Ndipo akatero funso lidzakhala limodzi, loti anatsegula firiji ndani, pamene makiyi a shedi ndi awiri okha. Madzulo omwewo ndinanamizira kuti ndikukaona ntchito, ndinakwera njinga mpaka ku Msundwe kwa mnzathu wina wowotcherera amene nayenso anali wa chitini. Ndinamupempha marodi khumi ndi imodzi, chifukwa otsala m'firiji ndinali nditawawerenga. Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Aaa, mwatembenuka mtima liti, achimwene? Tikubatizeni?"

"Ndikungofuna kuwayesa," ndinatero, ndikuseka nawo.

Alamu sankaphonya Misa ya m'mawa. M'mawa mwake iwo ali ku tchalitchi, ine ndinatsegula shedi, ndinachotsa marodi onyowa aja n'kuikamo ouma. Onyowawo ndinakaponya m'chimbudzi cha kuseri kwa msika. Choyamba chija, cha ovololo, mukhoza kunena kuti chinali kupusa. Ichi sichinali kupusa. Ndinachita ndikudziwa, ndikuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba nkhuku, ndipo mantha anandiphimba maso moti sindinadzifunse kuti marodi akapezeka osalakwa, wolakwa atsala ndani.

Alamu atabwera anadula zidutswa ziwiri za ekiselo yakale, anazitenthetsa, n'kuwotcherera. Rodi inayaka mwaulemu, moto wake uli phee. Anasiya ntchitoyo masiku awiri, kenako anaimanga pa vayisi, chopanira zitsulo chija, n'kuimenya ndi hamala yaikulu mpaka mapewa anawawa. Chitsulo chinapindika koma mzere sunang'aluke. Anaudula pakati ndi gilayinda. M'kati munali mosalala, mopanda kabowo n'kamodzi komwe.

"Marodi alibe mlandu," anatero.

"Mwina inali rodi imodzi yokha yoipa, alamu. Zimachitika."

"Ndinagwiritsa ntchito asanu."

"Ndiye mwina magetsi aja."

"Magetsi ofooka ndawotchererapo kangati? Alamu, marodi awa ndagwira nawo ntchito musanakwatire mlongo wanga, ndipo sanandinamizepo. Firiji ndi youma. Chitsulo ndinachitenthetsa. Chatsala n'chiyani?"

Iwo anatambasula manja awo n'kuwayang'ana ngati a munthu wina.

"Rodi imeneyi imafuna uziigwira pafupi ndi chitsulo. Ukangoitalikitsa pang'ono, mpweya ulowa, mabowo ndi amenewo. Ndiye kuti ndinaitalikitsa osadziwa. Kaya ndi dzanja, kaya ndi maso. Lero zatheka, tsiku lija sizinatheke, ndipo ine sindinamve kusiyana kwake. Munthu wotero asagwire ngolo ya munthu."

Ndinalimbana nawo, abale. Ndinatukwana kampani ija ndi mawu onse amene ndimadziwa, ndinalumbira kuti ndinamvapo kwina kuti zitini zina zikubwera zoipa. Sanasunthe. Munthu uja analolera kudzikayikira yekha kusiyana ndi kukayikira marodi ake. Chimene ndinkawaseka nacho zaka zonse chija ndi chimene chinawamanga, ndipo chingwe chake ndinapota ndine.

Anapita ku Namitete kukaona mayi aja, osati kamodzi. Mkazi wanga ankaphika, iwo n'kunyamula. Tsiku lina anandipempha kuti ndiwaperekeze. Ndinafika mpaka pakhomo pa wodi, ndinaona mwendo uli m'chikhakha, ndinamva alamu akuti, "Mayi, ndine ndinawotcherera ngolo ija, mundikhululukire," ndipo ndinatuluka n'kukaima pansi pa mtengo mpaka anamaliza. Pobwerera anandiuza kuti ndili ndi mtima wofewa, sinditha kuona wodwala. Ndinavomera.

Pa Nsaru nkhani inali m'kamwam'kamwa. Ena ankati achikulire aja maso anatha, ena ankati manja ayamba kunjenjemera, ena mpaka ankati amayamba alawa kaye asanagwire ntchito, munthu woti mowa sanaulawepo. Eni ngolo anayamba kuwadutsa iwo n'kumafunsa ine. Chimene ndinkachilakalaka zaka zonse chinabwera, ndipo chinkandiwawa ngati chilonda. Alamu anayamba kumangogwira mbaula ndi makasu. Kenako ngakhale pa felemu ya windo ankandiitana.

"Alamu, tabwerani muone ngati pagwira."

Pankakhala patagwira bwino kuposa mmene ine ndikanachitira. Ndinkawauza choncho, koma ankaganiza kuti ndikungowasangalatsa. Munthu amene anaphunzitsa theka la owotcherera a kuyambira ku Mpingu mpaka ku Kabudula ankaima pambali, helemeti ili m'manja, kudikira kuti ine ndivomereze ntchito yake. Tsiku lililonse ndinkadzuka ndikuti lero ndinena. Tsiku lililonse bodza linkakhala litakula kuposa dzulo, ndipo ndinkaopa kwambiri kuposa dzulo.

Anthu atakolola, alamu anandiitana n'kundipatsa kiyi wawo. Anati akupita ku dimba kukalima tomato ndi kabichi, zimene zikalakwika sizithyola munthu mwendo. Makina awo aakulu anandisiyira, gilayinda, vayisi, ndi firiji yomwe.

"Marodi anu obiriwira aja muziika umu. Pa mbaula mukuwazunza," anatero, akuyesa kuseka.

Kunyumba ndinasanduka munthu wovuta. Ndinkakalipa chifukwa cha mchere, chifukwa cha chitseko, chifukwa cha tambala wa aneba. Mkazi wanga ankati, "Kodi bambo, chakulowani n'chiyani? Amene ntchito yawathera ndi achimwene, koma wolusa ndinu." Akanena kuti achimwene akuonda, ndinkatuluka panja. Ndinakalapa kwa ansembe. Anandimvetsera mpaka kumapeto n'kundiuza kuti ndikawauze eni ake. Ndinati chabwino, ndipo kuchokera tsiku limenelo ndinasiya kupita kokalapa.

Chinthu china ndinachita mwakachetechete. Ndinasiya marodi a katoni n'kuyamba a chitini. Poyamba ndinkati ndikudzilanga, chifukwa ankandikanirira pa chitsulo mpaka kutukwana. Nditawazolowera ndinapeza kuti pa ekiselo alamu ankanena zoona, amalumadi. Anzanga ankandiseka kuti ndalowa chokolo cha marodi. Alamu atamva anasangalala ngati mwana wawo wakhoza mayeso. Anabwera ku shedi ndi tomato m'jumbo kudzandigwira chanza.

Zinatha zaka zitatu. M'chaka chachitatucho anawapeza ndi matenda a shuga, ndipo maso anayambadi kuchita chifunga. Ku dimba anasiya kupita. Anthu ankati mwaona, zinayamba kalekale, nthawi ya ngolo ija. Iwonso ankakhulupirira choncho. Tsiku lina masana anatumiza uthenga kuti ndipite. Ndinawapeza pakhonde, atakhala pa mpando wa ndalema, atafunda jekete ngakhale kunali dzuwa.

"Alamu, ndamva kuti mayi a mwendo aja ali pa esiteti ina cha ku Chitukula. Akuti amayenda chotsimphina, khasu sakulitha bwino. Ndikufuna mundinyamule pa njinga yanu ndikawapepesenso. Thupi ili sindikulikhulupirira."

Sindikudziwa chimene chinaduka mwa ine. Ndinatsika pa mpando n'kukhala pansi, pa dothi.

"Alamu, si inu."

"Mwati bwanji?"

"Ngolo ija si inu. Ndine."

Ndinanena zonse, kuyambira mvula ya ku Kabudula mpaka chimbudzi cha kuseri kwa msika. Ndinkalankhula ndikuyang'ana mapazi awo, misozi ndi mamina zikutsika, munthu wamkulu wa ana anayi. Ndinkayembekeza ndodo, ndipo ndikanailandira mokondwa. Iwo atayamba kufunsa, anafunsa ngati akufufuza chimene chavuta pa makina.

"Ovololoyo inagonamo masiku angati?"

"Atatu."

"Munaifinya?"

"Pang'ono."

"Nsapato nazonso?"

"Nazonso, ndi magolovesi."

"Chitini chili chotsegula."

"Chotsegula."

"Nanga amene ndinayesa aja?"

"Ndinakatenga ku Msundwe."

Anapuma mozama. Anapukusa mutu pang'onopang'ono, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Rodi ija inandiuza. Inathetheka. Ine ndinafunsa inu."

Palibe mawu amene anandilasapo ngati amenewo. Ndinati andichite chilichonse. Ndinati Lamulungu likudzali ndiimirira pa tchalitchi, ndipita pa msika, ndipita kwa bambo wa ngolo uja, aliyense amve kuti dzanja lawo silinalakwe.

"Mlongo wanga akudziwa?"

"Ayi."

"Musamuuze ine ndili moyo. Pa msikanso musapiteko."

"Koma dzina lanu, alamu!"

"Dzina ndichita nalo chiyani tsopano? Ndiwotcherere ndi maso awa? Shedi ija ikudyetsa ana a mlongo wanga, ndipo ana amenewo ndi mbumba yanga. Anthu akamva kuti munthu analumala chifukwa cha ovololo yanu, ngolo sidzaimanso pakhomo paja. Asiyeni azinena kuti ndinakalamba. Nthawi ija ndinali ndisanakalambe, koma tsopano ndakalambadi."

Ndinayesa kuyankha, anakweza dzanja.

"Ku Chitukula tipita ndithu, Loweruka. Koma wopepesa mukakhala inu. Ine ndikungokuperekezani."

"Chabwino, alamu."

"Kukhululuka musandifunse lero. Ndikufuna ndiyambe ndakwiya kaye. Pitani."

Ndinadzuka, ndinasasa fumbi, n'kuyamba kukankha njinga. Nditafika pa mpanda ndinamva akundiitana. Ndinacheuka. Anali atatambasula manja awo pa maondo, akuwayang'anitsitsa ndi maso achifunga aja, akutembenuza zikhatho uku ndi uku.

"Ndiye mwati dzanja linali bwino, eti?"

"Linali bwino, alamu."

"Sindinatalikitse rodi?"

"Simunatalikitse."



"Tanenaninso."

Ndinanenanso.